Mufuna kukaphunzira udokotala ku Britain? Yambani ndi kalendala

Lembani pakhoma tsiku ili: 15 Okutobala. Ofunsira maphunziro ena m'mayunivesite a ku Britain amakhala ndi mpata mpaka Januwale, koma kwa ofuna udokotala chitseko chimatsekedwa pa tsikuli, kutatsala pafupifupi chaka kuti sukulu iyambe. Zonse muzikonze powerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pamenepo.

Choyamba, onani mapepala anu. MSCE, ngakhale mutakhoza ndi mapointi 6, kumeneko amaiyerekeza ndi GCSE, ndipo payokha siingakulowetseni m'kalasi ya udokotala. Amafuna A-Level kapena International Baccalaureate. Pa A-Level sukulu zambiri zimafuna ma A atatu kapena kuposa apo, Chemistry isasowe, ndipo kawirikawiri amafunanso Biology. Kuno kwathu A-Level amaphunzitsa pa sukulu monga Kamuzu Academy ndi Saint Andrew's ya ku Blantyre. Ndi zaka zina ziwiri pamwamba pa Fomu 4.

Musanalipire kalikonse, khalani pansi ndi amene adzakulipirireni, muwerenge ndalama mosanamizana. Fizi ya wophunzira wakunja imapitirira mapaundi 30,000 pachaka m'mayunivesite ambiri, kwina imadutsa 50,000, ndipo mudzalipira kwa zaka zisanu, kapena zisanu n'chimodzi ngati ndi ku Oxford, Cambridge kapena Edinburgh. Malo ogona ndi chakudya n'zapadera. Musadalire Chevening, chifukwa thandizo limenelo ndi la digiri yachiwiri ya chaka chimodzi. Malonso ndi ochepa: ku England ophunzira akunja amapatsidwa malo pafupifupi 7.5 pa 100 aliwonse. Ndinene mosabisa, ngati zikuoneka kuti ndalama zidzathera panjira, limbikirani malo kuno kwathu ku yunivesite ya KUHeS, kunjako mudzapite pokaphunzira ukatswiri. Kubwerera kumudzi m'chaka chachitatu wopanda digiri, makolo atagulitsa nyumba, sindikufunira mwana wa munthu aliyense.

Ngati ndalama zilipo, lembetsani mayeso a UCAT. Amalembedwa pa kompyuta m'malo a Pearson VUE kuyambira Julaye mpaka Seputembala, kamodzi kokha pachaka, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito chaka chomwecho basi. Safunsa za Biology ayi. Amayesa kuwerenga mwachangu, masamu, kuganiza mwadongosolo ndi mmene mungachitire pa nkhani zovuta za odwala. Chimagwetsa ambiri ndi nthawi, choncho poyeserera muzikhala ndi wotchi pambali. Fufuzani msanga malo olembera amene muli nawo pafupi, mipando isanathe.

Mukalandira zotsatira za UCAT, ndiye sankhani sukulu. Fomu yofunsira malo ya UCAS ili ndi mipata isanu, koma ya udokotala ndi inayi yokha; wachisanu ikanipo maphunziro ena monga Biomedical Science. Yunivesite iliyonse ili ndi kasankhidwe kake, ina imatsamira kwambiri pa UCAT, ina pa magiredi. Werengani tsamba la iliyonse, mufunsire kumene mphamvu zanu zikawerengedwe.

Pa fomuyo mudzalembanso za inu mwini, zilembo zosapitirira 4,000. Apa mpamene kudzipereka pa chipatala cha kwanu kumathandiza. Musangoti mumakonda kuthandiza anthu. Fotokozani zimene munaona namwino akuchita pouza mayi uthenga wovuta, ndi zimene munaphunzirapo, osatchula dzina la wodwala. Aphunzitsi okulemberani kalata ya umboni auzeni miyezi isanathe.

Akakukondani adzakuitanani ku intavyu, makamaka pakati pa Disembala ndi Malichi. Sukulu zambiri zimachita ya MMI, pomwe mumayenda m'magawo afupiafupi, lililonse ndi wofunsa wake. Zina zimalola akunja kuchitira pa intaneti, ndiye konzekerani za magetsi ndi netiweki. Lembaninso mayeso a Chingerezi a IELTS; zambiri zimafuna 7.0 kapena kuposa.

Malo akatsimikizika, yunivesite idzakupatsani nambala ya CAS yofunsira viza. Mudzafunika kuyezetsa TB pa chipatala chovomerezedwa ndi boma la Britain, komanso kuonetsa kuti ndalama zakhala ku banki masiku 28 otsatizana. Ndipo ngati mukufuna kudzagwira ntchito kuno, funsani a Medical Council of Malawi zimene adzafune pokulembetsani, musanagule tikiti ya ndege.