Bedi, Tebulo, Mpando ndi Nyale

Mau oyamba a Misa ya lero, Lamulungu la 13 la pa Chaka, atitengera ku mudzi wa Sunemu, kwa mayi wina wolemera amene Buku Lachiwiri la Mafumu, mutu 4, silinamutchule n'komwe dzina. Mneneri Elisa ankadutsa m'mudzimo kawirikawiri. Poyamba mayiyu ankangomuumiriza kuti adye nawo. Koma ataona kuti munthuyu sadutsa kamodzi kokha, anakambirana ndi mwamuna wake kuti amumangire kachipinda pamwamba pa nyumba yao, ndipo anatchula zinthu zinayi zoti aikemo: bedi, tebulo, mpando ndi nyale.

Mayiyu sanangoti "tidzaona zomupatsa". Anaganizira tsiku lonse la munthuyo, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Bedi n'loti agonepo. Tebulo ndi mpando n'zoti azidya ndi kugwira ntchito zake atakhala bwinobwino, osati chinjonjo ngati munthu wongodutsa. Nyale ndiyo imandigwira mtima kwambiri. Munthu wogona pabalaza pa eni ake amagona pamene eni akewo azimitsa nyale. Koma wokhala ndi nyale yakeyake amayatsa ndi kuzimitsa pamene wafunira. Pomupatsa nyale, mayi uja anali kumuuza Elisa kuti chipindachi ndi chake.

Phunziroli labwera patangopita masiku ochepa chichitikire tsiku lokumbukira anthu othawa kwawo, limene dziko lonse limasunga pa 20 Juni. Makolo athu anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka, choncho mumulandire bwino akadalipo. Mwambiwu ndi wabwino, koma munthu wothawa nkhondo si mame. Sachoka dzuwa likatuluka. Nsima ya tsiku limodzi simukwanira. Amafunika kachipinda kaja.

Pa 6 Seputembala 2015, nkhondo ya ku Syria itafika poipa, Papa Francis anapempha kuti parishi iliyonse ya ku Ulaya, nyumba iliyonse ya ansembe ndi masisitere, ilandire banja limodzi la othawa kwawo. Sanati mabanja chikwi, anati limodzi. Mu Epulo 2016 iye mwini, pobwerera kuchokera ku chilumba cha Lesbos ku Greece, anatenga anthu 12 a ku Syria m'ndege yake. Onsewo anali Asilamu, ndipo theka la iwo anali ana. Atafika ku Roma, anthu wamba a gulu la Sant'Egidio ndiwo anawasamalira ndi kuwaphunzitsa chilankhulo.

Chaka chomwecho boma la Britain linatsegula njira yoti gulu la anthu odzipereka lizitha kulandira banja limodzi, ndipo parishi yoyamba kutero inali ya St Monica ku Flixton, pafupi ndi Manchester. Zofunika pa njirayi zikutiphunzitsa zambiri. Gulu liyenera kusonkhanitsa mapaundi 9,000, kupeza nyumba yoti banjalo likhalemo zaka zosachepera 2, ndi kulonjeza kuyenda nalo kwa chaka chathunthu. Banja lisanafike, akhristu amakhala atasesa nyumbayo, atayala pogona, atagula mapoto ndi zakudya zimene eni akewo anazolowera kwawo. Amakalilandira ku bwalo la ndege. Kenako imayamba ntchito yosaoneka: kulembetsa ana kusukulu, kuperekeza mayi kuchipatala, kusonyeza bambo basi yoti akwere ndi malo otsikira, kuwerenga nawo kalata yochokera ku ofesi ya boma. Kunyamula mipando n'kwa tsiku limodzi. Chovuta ndi kubwereranso Lachiwiri lililonse kwa miyezi 12, chidwi cha masiku oyamba chitatha.

Nkhaniyi si yakutali kwambiri ndi ife. Ena mwa mabanja amene amalandiridwa motero ku Canada kapena ku Australia amanyamukira pa bwalo la ndege la Kamuzu, akuchokera ku Dzaleka m'boma la Dowa. Koma pa dziko lonse, othawa kwawo amene amapeza mwayi wosamukira ku dziko lachitatu safika ngakhale mmodzi pa anthu 100 aliwonse. Otsalawo amakhala pomwe anafikira, ndipo kwa anthu oposa 50,000 pamenepo ndi pa Dzaleka.

Dzaleka inali ndende ya andale pa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo dzinalo likuchokera pa mau oti "n'dzaleka". Mu 1994 malowo anasanduka msasa wa othawa kwawo. Anakonzedwa kuti asunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Ambiri okhala kumeneko ndi ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda, ndipo ana amene anabadwira komweko m'zaka zoyambirira tsopano ali ndi ana aoao. Banja longofika kumene limasowa ndi malo omwe oti liumbepo zidina za nyumba. Thandizo la chakudya lakhala likuchepetsedwa. Ndipo aliyense amene anagonako ku Dowa mwezi uno akudziwa mmene mphepo yake imalowera m'mafupa.

Tiyenera kunena zoona pa za malamulo. Kuno kwathu parishi singachite monga a ku Flixton, kubwereka nyumba m'tauni ndi kulowetsamo banja, chifukwa malamulo a dziko lino amafuna kuti othawa kwawo azikhala kumsasa. Mu 2023 boma linalamula onse okhala m'matauni ndi m'midzi kuti abwerere ku Dzaleka, ndipo mu Meyi chaka chomwecho ambiri anatengedwa mokakamiza mu mzinda wa Lilongwe. Ena a iwo anali anansi athu, ogulitsa m'timagolosale ta m'makwalala mwathu, ndipo ena tinkakhala nawo benchi limodzi pa Misa. Anasiya katundu wambiri m'mbuyo. Akhristu angasiyane maganizo pa lamulolo, ndipo ine ndikuona kuti ndi lofunika kuliunikanso. Koma palibe lamulo loletsa bulangete kupita ku Dowa.

Ndiye limana lathu lingayambe bwanji? Liyambe ndi kufunsa. Mayi wa ku Sunemu anayamba waona mmene Elisa amayendera asanamange chilichonse. Ife timakonda kuyamba ndi kutsegula sutikesi yakale. Timatulutsa malaya ong'ambika kukhwapa, nsapato imodzi yopanda inzake, wailesi yosalira, n'kumati tathandiza. Kumeneko ndi kusesa m'nyumba, si chithandizo. Chinthu chimene simungapatse mlamu wanu musachiike m'thumba la othawa kwawo. Ku Dzaleka kuli akhristu anzathu okhala ndi atsogoleri ao, kulinso bungwe la Jesuit Refugee Service limene lakhala likuyendetsa sukulu kumeneko kwa zaka zambiri. Iwowa ndiwo akudziwa banja lomwe lafika kumene ndi chimene likusowa. Kudzera mwa Bambo Mfumu, tiwafunse tisanagule kanthu, ndipo titsate njira zimene oyang'anira msasawo amafuna.

Bedi, tebulo, mpando ndi nyale za masiku ano mwina ndi mkeka kapena matiresi, mabulangete awiri, neti yotchinga udzudzu, poto wamkulu ndi wamng'ono, mbaula, ndowa yokhala ndi chivundikiro, mbale ndi makapu zokwanira aliyense m'banjamo, ndi kanyale ka sola koti mwana aziwerengera madzulo. Chitseko chokhala ndi loko musachione chopepuka: kwa mayi wogona yekha ndi ana aakazi, chitseko chimenecho ndi tulo. Limana la mabanja 20 lingakwanitse zonsezi kwa banja limodzi popanda wina kugona ndi njala. Koma likhale banja lodziwika maina, loti tikapitanso tidzafunse ngati mwana uja anachira chifuwa. Ndipo mafoni akhale m'thumba. Munthu amene akulandira ndowa sanapemphe kuti nkhope yake iyende pa WhatsApp.

Pa Misa sitinawerenge ndime ya 13 ya mutu uja, koma mukaiwerenge kunyumba. Elisa anafuna kubweza zabwino, ndipo anafunsa mayiyo ngati angamulankhulire kwa mfumu kapena kwa mkulu wa asilikali. Mayiyo anakana, nati sakusowa kanthu popeza akukhala pakati pa anthu a mtundu wake. Anali munthu wokhazikika, monga mmene ambiri a ife timadzionera. Koma pitirirani mpaka mutu 8. Njala inagwa, ndipo mayi yemweyo anathawira ku dziko la Afilisti, nakhala kumeneko zaka 7. Pobwerera anachita kukadandaula kwa mfumu kuti amubwezere nyumba yake ndi munda wake. Womanga chipinda cha mlendo uja anasanduka mlendo.

Achikulire pakati pathu akukumbukira mbali inayo ya nkhaniyi. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe ndi pangano la ku Roma la mu 1992, dziko lino linasunga anthu oposa 1 miliyoni ochokera kumeneko, ambiri a iwo m'midzi ya ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Amene anawapatsa malo omangapo nyumba ndi olimapo anali alimi osauka kuposa ife a m'tauni.

Pa msonkhano wa limana sabata ino, werengani mitu iwiriyo pamodzi ndi Mateyo 10, pamene Ambuye akutchula kapu ya madzi ozizira. Kenako sankhani anthu awiri oti akaonane ndi Bambo Mfumu, ndipo mugwirizane za amene adzapitenso ku Dowa ulendo wachiwiri ndi wachitatu.