Mafunso Anu: Kadontho Kofiira pa Mfuti ya Mpikisano

WOWULUTSA: Makalata a lero ndi a masewera owombera chandamale. Yoyamba yachokera kwa bambo a kuno ku Phalombe amene akhazikika ku Joni. Akuti: "Ndinalowa kalabu yowombera ndi mfuti yaing'ono. Ndikufuna red dot, koma m'sitolo muli ya chubu ndi yotsegula, ndipo pamabokosi alemba 3 MOA, pena 6 MOA. Nditenge iti?"

KATSWIRI: Zikomo bambo. Ndiyambe ndathandiza amene sanaionepo. Red dot ndi kagalasi komangirira pamwamba pa mfuti, ndipo kababu ka LED kamawalitsa kadontho kofiira pagalasipo. Kadonthoko sikapita pachandamale ayi, amakaona ndi wowombera yekha. Kampani ya Aimpoint ya ku Sweden ndi imene inayamba kugulitsa zoterezi mu 1975.

Ya chubu ndi yotsekeka mbali zonse. Fumbi ndi mvula sizifika pakababu, ndipo chubucho chimatsogolera diso kuti lipeze kadontho msanga. Vuto lake n'kulemera, n'chifukwa chake imayenerana ndi mfuti ya .22 yowombera modekha, munthu ataima pamodzi. Yotsegula ndi yopepuka, imakhala bwino pa slide, gawo lija limene limabwerera m'mbuyo chipolopolo chikatuluka. Komatu dontho limodzi la madzi likagwera pakababu, kadontho kamabalalika.

WOWULUTSA: Nanga za MOA zija, bambo?

KATSWIRI: Apo ndiye pagona nkhani. MOA ndi muyeso wa kukula kwa kadontho. Pa mtunda wa mamita 25, kadontho ka 3 MOA kamaphimba malo opitirira pang'ono masentimita 2, pomwe ka 6 MOA kamaphimba opitirira masentimita 4. Tsono pachandamale cha mamita 25, bwalo la pakati lopatsa mapointi 10 ndi la masentimita 5 okha. Mukuona kuti kadontho kakakulu kabisa pafupifupi bwalo lonselo. Ngati mpikisano wanu ndi wolasa pakatikati mosathamanga, tengani kakang'ono. Ngati ndi wa IPSC, wothamanga uku mukuwombera zandamale zingapo, kakakulu kamaoneka msanga ndipo sikachita kunjenjemera kwambiri m'maso.

Musanatulutse ndalama, chitani ziwiri. Funsani akuluakulu a kalabu gawo limene mudzapikisanemo, pakuti magawo ena salola galasi. Kenako suzumirani nokha m'galasimo. Amene ali ndi vuto la maso lotchedwa astigmatism amaona kadontho kali ndi timichira, osati kozungulira. Zikatero, pitani kaye kwa dokotala wa maso. Ndipo batire yapadera isamasowe m'chikwama.

WOWULUTSA: Kalata yachiwiri ndi ya aphunzitsi ena a ku Migowi. Akufunsa ngati aja amawombera ku Olimpiki amagwiritsanso ntchito kadonthoka.

KATSWIRI: Ayi aphunzitsi. Malamulo a ISSF, bungwe loyang'anira masewera owombera, salola galasi lililonse pa mfuti yaing'ono ya ku Olimpiki. Amalunjika ndi tizitsulo tiwiri, kakutsogolo ndi kakumbuyo. Pa mpikisano wa mamita 10 wa mfuti ya mpweya, bwalo la mapointi 10 ndi la mamilimita 11.5 basi, ndipo amalilasa atagwira mfuti ndi dzanja limodzi. Apa tiphunzirepo kuti cholasa ndi dzanja lokhazikika, mpweya wougwira bwino, ndi chala chokoka mosadzidzimutsa. Kadontho kamathandiza makamaka amene apitirira zaka 40, omwe maso awo ayamba kuvutika kuona kachitsulo kapafupi.

WOWULUTSA: Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Chiringa. Akuti masewerawa amusangalatsa, ndiye achimwene ake akamabwera kuchokera ku Joni angamutengereko mfuti?

KATSWIRI: Mwana wanga, ndikupempha ndi mtima wonse, zimenezo ayi. Kuno ku Malawi kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso chochokera kupolisi ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo la Firearms Act, ndipo kuidutsitsa pachipata mobisa kungatsekeretse inu ndi achimwene anu omwe. Ku South Africa nakonso, lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limapereka chiphaso kwa nzika kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale.

Koma luso lolasa lili ndi khomo lina lotseguka. Areneo David anaimira Malawi pa masewera a uta ndi mivi ku Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016, n'kupitanso ku Tokyo. Uta umafuna zomwezo, diso, mpweya ndi kudekha. Kafunseni ku ofesi ya zamasewera paboma kuti akulumikizeni ndi ophunzitsa masewerawa, muyambire pamenepo.