Zizindikiro za Paskha: Zinachokera Kuti?

LACHITATU

Werengani Eksodo 12:3-13 ndi Yohane 1:29. Kodi mwana wa nkhosa wa Paskha analikuimira yani?

______________________________

Liwu lakuti Paskha linachokera ku Chihebri, ndipo likumbutsa usiku uja umene Yehova anapitirira nyumba zopakidwa mwazi m'Aigupto. Motero mwana wa nkhosa ndicho chizindikiro chimene Mulungu mwini anachiika, cholozera ku imfa ya Khristu (1 Akorinto 5:7).

Koma zizindikiro zina zinadza pambuyo pake. M'chaka cha 325, msonkhano wa ku Nicaea unagamula kuti Akhristu onse azichita Paskha pa tsiku limodzi, osatsatanso kawerengedwe ka Ayuda. Ku Ulaya tsikuli lifika pamene chisanu chatha ndipo mitengo iyamba kuphuka. Kalelo anthu a kumeneko sankadya mazira m'masabata osala kudya; tsono pofika Paskha ankawapaka utoto nawagawana, nati dzira lifanizira manda amene mutuluka moyo. Kalulu wobweretsera ana mazira ndi mwambo wa ku Germany, wotchulidwa m'buku lina la m'chaka cha 1682. M'Malemba simupezeka dzira kapena kalulu pa nkhani ya kuuka kwa Ambuye. Ndipo kwathu kuno kalulu timdziwa m'nthano monga kamberembere.

Werengani Levitiko 23:10, 11 ndi 1 Akorinto 15:20. Kodi mtolo wa zipatso zoundukula uphunzitsa chiyani za akufa athu?

______________________________

Kumapiri a Dedza kuno, mwezi wa Malichi ndi Epulo si nyengo ya kuphuka ayi. Mvula ili kutha, chisanu chili m'njira, ndipo a ku Bembeke ndi ku Linthipe ali kulawa mondokwa ndi maungu njala itawasautsa. Mlimi akathyola chimanga choyamba adziwa kuti munda wonse ukutsata. Chomwechonso Khristu anauka monga chipatso choyamba, ndipo onse ogona mwa Iye adzatsata. Chizindikiro ichi sitichita kuchigula m'sitolo.

Baibulo silitilamula kusunga tsiku la pachaka lokumbukira kuuka kwake. Ambuye anatisiyira Mgonero wolalikira imfa yake (1 Akorinto 11:26), ndi ubatizo wofanizira kuikidwa ndi kuuka kwake (Aroma 6:4).

LINGALIRANI IZI: Mnansi wanu akakuitanani ku chikondwerero cha Paskha, kodi mungamfotokozere bwanji zimenezi mwachifatso, osanyoza chikhulupiriro chake? Nanga iye aona moyo watsopano wotani mwa inu chibatizidwire?