Mwaye wa mumpope wa mfuti: nyowetsani, musakweche

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Majaua kuno ku Milange, mlenje amene akuti ali ndi chilolezo cha boma. Akuti akabwerako kosaka, mumpope wa mfuti yake mumatsala mwaye wouma gwa, ndipo wayesa kukwecha ndi waya wotsukira mapoto pamodzi ndi phulusa koma sukuchoka. Bambo, tisanapite patali, chotsani zipolopolo zonse, musuzumire m'malo olowera chipolopolo, mupisemo ndi chala, kenako zipolopolozo mukaziike chipinda china. Mukatero, wayayo mubwezere kukhitchini, chifukwa mfuti zambiri zimatha ndi dzanja la mwini wake lofulumira kukwecha kusiyana ndi mwaye umene akulimbana nawowo.

Zimene mukuziona zakudazo sizamtundu umodzi. Pali mwaye weniweni, wotsalira onga ukapsa, umene kutentha ndi mphamvu ya kuphulika zimaumata pachitsulo, makamaka patsogolo pang'ono pa pomwe chipolopolo chimakhala. Palinso mkuwa umene chipolopolo chimasiya chikamakhula mpope podutsa, ndipo ziwirizi zimasanjikizana, mwaye pansi, mkuwa pamwamba, mwaye winanso pamwamba pake. N'chifukwa chake mumapukuta mpaka kansalu kutuluka koyera, mawa lake n'kupezanso kakuda. Mankhwala ake ndi nthawi. Amayi akapakula nsima salimbana ndi nkhoko pomwepo, amathira madzi mumphika n'kuusiya, nkhoko zija zimamatuka zokha. Inunso nyowetsani kansalu ka thonje ndi mankhwala otsukira mfuti, mukakankhe ndi ndodo yosalala kuchokera kumbuyo kupita kukamwa kwa mfuti, musiye kwa mphindi 15 kapena 20, kenako mudutsitse burashi ya mkuwa maulendo angapo, osaitembenuzira m'kati isanatulukire mbali inayo. Pukutani, munyowetsenso, mudikirenso. Ngati mankhwalawo simunawapeze kuno, palafini amafewetsa mwaye ndithu ngakhale amachedwa ndipo sachotsa mkuwa. Petulo yekha ayi, nthunzi yake imayaka msanga. Mankhwala ochotsa mkuwa amene ali ndi amoniya amasandutsa kansalu kukhala kobiriwira, ndipo amenewo musawagoneke mumpope usiku wonse, tsatirani nthawi yolembedwa pabotolo.

Ndikudziwa kuti wina akuti, kodi agogo athu sankatsuka gogodela ndi madzi ndi chiguduli basi, n'kupha nayo nguluwe zaka zambirimbiri? N'zoona, koma gogodela mpope wake ndi wosalala m'kati, ndipo zotsalira za onga wakuda umene ankathiramo zimasungunuka m'madzi. Mfuti yanuyi ili ndi mizere yopotoka imene imazunguza chipolopolo kuti chipite molunjika, ndipo kuya kwa mizereyo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Waya wachitsulo, mchenga ndi sandipepa zimadya m'mphepete mwa mizere imeneyi, ndipo chitsulo chikadyeka sichimeranso. Malo osachedwa kuwonongeka ndi pakamwa penipeni pa mfuti, pamene chipolopolo chimatsanzikira mpope. Pakakumbika mbali imodzi, mpweya wa onga umatuluka mopendekera n'kuchikankhira pambali. Ndiye mlenje amayamba kudandaula kuti dzanja lake lakalamba kapena wina wamuchita chipongwe, chonsecho ndi ndodo yake yotsukira imene inkakhula pakamwapo.

Kalata yachiwiri ndi ya mlonda wa pakampani ina m'tauni muno. Akuti anatsuka bwinobwino, anapaka ndi mafuta, koma patangopita masiku awiri anapeza dzimbiri lofiira m'kati. Achimwene, ameneyo si mwaye, ndi mchere. Zipolopolo zambiri zakale za asilikali, makamaka zochokera kumaiko amene anali pansi pa Soviet Union, zili ndi kapsule koyatsira onga kokhala ndi potassium chlorate. Ikapsa imasiya mchere wa potassium chloride, umene umakoka chinyezi mumpweya. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba, dzimbiri n'kumadya kunsi. Ndipo kuno, pansi pa phiri la Tumbine, moyang'anizana ndi Mulanje, chinyezi sichisowa, kaya ndi dzinja kaya ndi nthawi ya chiperoni. Choncho tsiku lomwelo mwawombera, dutsitsani madzi otentha mumpope. Mufunsa kuti madzi ndi chitsulo zinayamba liti kugwirizana. Yankho n'lakuti madzi otentha amatenthetsa chitsulocho n'kuuma okha msanga, inu n'kumaliza ndi nsalu youma, kenako mafuta opepuka a makina, pang'ono chabe. Mafuta ophikira musayerekeze, amauma n'kusanduka phula. Tsiku lokagwira nayo ntchito, mafuta aja muwapukute ndipo muyang'ane mpope pakuwala. Mavu amakonda kumanga zisa zadothi m'mabowo otere, ndipo mpope wotsekeka umaphulikira m'manja mwa mwini wake.

Ena amafuna m'kati muziwala ngati galasi asanapume. N'zosafunika. Kansalu kakamatuluka kotuwa pang'ono, popanda chofiira, ntchito yatha, ndipo kupitiriza pamenepo n'kungopala chitsulo chabwino.

Kalata yachitatu ndiyo yandikhalitsa pansi. Mnyamata wa ku Mongue akuti polima anafukula mfuti itakulungidwa m'chiguduli chamafuta, ndipo akufunsa kuti aitsuke bwanji kuti igwirenso ntchito. Mwana wanga, zonse ndanenazi sizikukhudza mfuti imeneyo. Boma lino la Milange linaona nkhondo yapachiweniweni ndi maso, anthu zikwizikwi anawoloka kukabisala ku Malawi, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 zida zambiri zinatsala zokwiriridwa m'minda ndi m'mapanga. Chitsulo chimene chagona m'nthaka zaka zoposa 30 chimadyeka timaenje timene diso silingaone kunja, ndipo palibe mankhwala angabwezere mphamvu yake. Mwina ili ndi chipolopolo m'kati, ndipo pafupi pake pakhoza kukhala mabomba. Kuwonjezera apo, kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu m'dziko muno, ngakhale mutati munangoitola. Munganene kuti ndi chuma, kuipereka n'kutaya. Ganizo lomwelo ndi limene Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique anakumana nalo mu 1995 poyambitsa ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo zina mwa mfutizo zinadulidwa, mmisiri wina wa ku Maputo n'kupangira mpando umene lero uli ku British Museum ku London. Inu musayembekezere mphotho yotero musanachitepo kanthu. Musaikoke, musaigogode, musakumbenso pamalopo. Ikani chizindikiro, muletse ana ndi oweta mbuzi kufikapo, ndipo lero lomwe mukauze a mfumu kapena mlembi wa dera lanu kuti mupitire limodzi kwa apolisi.