Mawu oti "kachirombo" ndi njira zatsopano zoyezera khansa ya khomo la chiberekero

M'Chichewa cha masiku ano, munthu akanena kuti uje ali ndi kachirombo, palibe amene amafunsa kuti kachirombo kanji. Kale mawuwa ankatanthauza kanthu kalikonse kakang'ono kouluka kapena kokwawa, koma chifikireni Edzi m'dziko muno, imene inapezeka koyamba mu 1985, tanthauzo lake lakhala likupanikizika mpaka kutsala pa HIV yokha. M'nkhani ino tiona momwe kusinthaku kukukhudzira ntchito yoyeza khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse.

Tiyambe ndi zimene zasintha kuchipatala. Kwa zaka zambiri njira yodalirika kuno yakhala ya viniga. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, nadikira mphindi imodzi, ndipo malo amene ayamba kuonongeka amasanduka oyera. Kale malowa ankawaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, koma mpweyawo ukatha chithandizo chinkaima. Lero pali kachipangizo kogwira m'manja koyendera batire, kamene kamatentha kufika madigiri 100 ndi kupsereza malowo m'nthawi yosakwana mphindi imodzi. Chipatala cha Nkhoma ndi chimodzi mwa zimene zinayambirira kugwiritsa ntchito njira yopserezayi. Ubwino wake ndi woti mayi amayezedwa ndi kuthandizidwa tsiku lomwelo.

Koma viniga amadalira diso la woyeza. N'chifukwa chake mu 2021 bungwe la WHO linalangiza kuti njira yoyamba ikhale yofufuza HPV, kachirombo kamene kamayambitsa khansayi. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, analandira mphoto ya Nobel mu 2008 chifukwa chotulukira ubale umenewu, ndipo mitundu iwiri yokha ya HPV, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi khansa 70 mwa 100 zilizonse za mtunduwu. Chosangalatsa n'choti mayi angathe kudzitenga yekha chinyezi ndi kathonje n'kukapereka kuti makina ayeze, popanda kuvula pamaso pa munthu wina.

Apa ndi pamene chiyankhulo chikulowerera. Azakhali anga atayezedwa m'njirayi pachipatala china, anabwera kunyumba ali khuma. Nditawafunsa anati, "Mwana wanga, akuti andipeza ndi kachirombo. Nanga bambo akowa ndikawauza bwanji?" Namwino sananame. Ananena zoona m'Chichewa cholondola. Komabe zimene azakhali anamva zinali zina, ndipo anatha masiku atatu osadya bwino kufikira pamene tinawerenga pamodzi zolembedwa m'buku lawo lakuchipatala.

Ngakhale mayi atamvetsa kuti akunena HPV, pamatsalabe msampha wachiwiri. Zimene taphunzira pa HIV n'zoti kachirombo kakalowa m'thupi sikatulukanso. HPV siili choncho. Anthu ambiri amene anagonanapo amaitenga nthawi ina m'moyo wao, ndipo mwa ambiri thupi limaichotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Ikakakamira, pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti khansa iyambe, kapena zaka 5 mpaka 10 ngati chitetezo cha m'thupi n'chofooka. Choncho kupezeka ndi HPV si kupezeka ndi khansa, komanso si umboni woti wina m'banja wayenda njira zachibwana posachedwa. Mawu amodzi oti "kachirombo" sangasenze zonsezi. Choonjezera chisokonezo n'choti matenda awiriwa amakumanadi: mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chodwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe. Ndiye namwino ayenera kutchula tizirombo tiwiri m'chiganizo chimodzi, pamene maina ake akusiyana ndi lembo limodzi lokha.

Vuto lofanana nalo lili pa mawu oti "kuwotcha". Chithandizo cha radiotherapy chinayamba kupezeka m'dziko muno mu 2024 pa International Blantyre Cancer Centre, ndipo mu 2025 boma linatsegulira chipatala chake cha khansa ku Lilongwe. Izi zisanachitike odwala ankatumizidwa kumaiko ngati India ndi Tanzania. Tsono tikati "akakuwotchani", wodwala sadziwa ngati tikunena kachipangizo kopsereza malo aang'ono kaja, kapena makina a cheza champhamvu othandiza amene khansa yakhazikika kale. Ndipotu moto ndani sauopa?

Maganizo anga ndi oti tisathamangire kupeka mawu atsopano, pakuti mawu opekedwa muofesi kawirikawiri amathera m'mabuku momwemo. Mawu oti "khansa" tinabwereka ndipo anakhazikika bwinobwino. HPV nayo titha kuitchula ndi dzina lake, koma dzinalo lizibwera patsogolo, ndipo mawu oti "si HIV" azitsatira nthawi yomweyo. Chimodzimodzi malo oyera aja tisawatche khansa, koma "malo amene angadzasanduke khansa akapanda kuthandizidwa". N'zoona kuti chiganizochi n'chachitali ndipo namwino ali ndi mzere wa anthu panja. Komabe katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, amafuna chilolezo cha makolo, ndipo makolowo ndi omwe aja amene akamva "kachirombo" amaganiza za Edzi.