Mfuti, Mankhwala Opopera Mbewu ndi Moyo wa Ana Pakhomo: Mafunso ndi Mayankho

Makalata a sabata ino achokera m'boma la Dedza, ndipo onse akukhudza zinthu zoopsa zimene makolo amasunga m'nyumba momwe mulinso ana. Zinthu zotere anthu amadziphera nazo: bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo mwa asanu alionse, pafupifupi mmodzi amachita kumwa mankhwala ophera tizilombo.

Funso loyamba lachokera kwa bambo wina wa pa boma la Dedza. Ali ndi mfuti ya chiphaso yotetezera sitolo yake, ndipo akufunsa ngati kuibisa kuchipinda nkokwanira, poti ana sadziwa pomwe ili.

Yankho: Kubisa sikokwanira. Ana amadziwa zonse za m'nyumba, kuyambira kunsi kwa matiresi mpaka kudenga, ngakhale sanena. Mfuti iyenera kukhala yopanda chipolopolo m'kati, yotsekeredwa m'bokosi lachitsulo la loko, ndipo zipolopolo zikhale pena, zokhomeredwanso. Kiyi aziyenda ndi mwini wake. Izi zikukhudzanso gogodela wa alenje, ngakhale aoneke wadzimbiri.

Chifukwa chake nchakuti mfuti sipereka mpata wachiwiri. Ku America, mwa anthu onse ofa ndi mfuti, oposa theka amakhala odzipha okha. Ku Israel, m'chaka cha 2006 akuluakulu a asilikali analetsa asilikali kupita ndi mfuti kunyumba pa mapeto a sabata, ndipo chiwerengero cha odzipha pakati pawo chinatsika ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse. Mavuto a anyamatawo sanathe ayi. Chinasintha nchakuti pa ola loipa chida sichinali pafupi.

Ngati pakhomo pali wina amene maganizo amuthina, mfuti isagone m'nyumbamo. Mwini wake akambirane ndi apolisi za kasungidwe kake mpaka zinthu zitakhala bwino. Kuipereka kwa mnansi wopanda chiphaso nkulakwira lamulo la mfuti la 1967. Ndipo m'madera a m'malire ndi Mozambique, komwe nkhondo inatha mu 1992 koma zida zina zinatsalira m'manja mwa anthu, wopeza mfuti kapena zipolopolo asazitengere kunyumba, akanene kupolisi kapena kwa amfumu.

Funso lachiwiri ndi la mayi wa ku Bembeke, mlimi wa mbatatesi. Akuti kwawo mfuti kulibe, tsono nkhaniyi ikuwakhudza bwanji?

Yankho: Ikuwakhudza kwambiri, mwina kuposa bambo wa mfuti uja. Kwa mlimi wa kachewere, tomato ndi kabichi, choopsa chili m'botolo la mankhwala opopera mbewu, m'mankhwala othira m'chimanga poteteza anankafumbwe, ndi m'timapaketi ta mankhwala a makoswe togulitsidwa pamsika popanda ndi dzina lomwe. Nthawi zambiri zinthuzi zimakhala kuseri kwa chitseko kapena pansi pa bedi, pomwe mwana wokwiya amafikira mosavuta.

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu akatsimikiza zodzipha, palibe chingamuletse. Kafukufuku wa m'mayiko angapo akutsutsa zimenezi. Ambiri opulumuka amafotokoza kuti kuyambira pamene ganizo linabwera mpaka pamene anachitapo kanthu panadutsa mphindi zochepa chabe, kawirikawiri pambuyo pa mkangano, manyazi kapena uthenga woipa. Ndipo mwa khumi alionse opulumuka, pafupifupi asanu ndi anayi sadzafa modzipha m'tsogolo. Mkuntho wa mumtima umadutsa. Loko ntchito yake nkuchedwetsa munthu kufikira utadutsa.

Dziko la Sri Lanka linali ndi vuto lalikulu pakati pa alimi ake. Boma litaletsa mitundu ya mankhwala oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse pakati pa 1995 ndi 2015, ulimi osalowa pansi. Kuno kwathu woyang'anira mankhwalawa ndi bungwe la Pesticides Control Board, koma pakhomo udindo ndi wa kholo: kugula okwanira kupopera nthawi imeneyo basi, kutsekera otsala m'bokosi la loko kunja kwa nyumba yogona, ndi kusawatsanulira m'botolo la zakumwa. Mapiritsi a kuchipatala nawonso asakhale poyera.

Kalata yachitatu ndi yolemera. Agogo ena a kwa Kachindamoto akulera mdzukulu amene sanakhoze mayeso a MSCE. Mnyamatayo wasiya kudya, wasiya mpira, ndipo tsiku lina anati, "Bola ndingochoka, anthu apume." Agogowo akuopa kumufunsa, kuti mwina angamupatse nzeru yoipa.

Yankho: Kufunsa sikudzala ganizo m'mutu mwa munthu. Akatswiri a matenda a maganizo amalangiza kufunsa mosabisa mawu, pamalo a awiri, ndi mtima wofatsa: kodi ukuganiza zodzipha? Mwana amene wakhala akusenza yekha katunduyo amapepukidwa akaona kuti wamkulu sakuthawa nkhaniyo. Chofunika kenaka nkumvetsera, osamudula, osamulalikira, osamunena kuti akufuna kutchuka. Mawu akuti mwamuna salira avulaza ambiri, ndipo malipoti a apolisi a dziko lino amaonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri odzipha ndi amuna.

Mawu a mnyamatayu ndi chizindikiro chachikulu. Zina ndi kudzipatula, kusagona, kuyamba mowa kapena chamba mwadzidzidzi, kugawa zinthu zimene amazikonda, ndi kutsanzika anthu popanda ulendo. Mtsikana wobisa mimba ndi wachinyamata womira m'ngongole kapena m'njuga ya pafoni amafunika diso lomwelo. Agogowa achotse mankhwala onse oopsa lero lomwe, mnyamatayo asagone yekha, ndipo amalume kapena munthu wina amene amamukhulupirira amuperekeze kuchipatala. Pemphero ndi uphungu wa kumpingo zimathandiza, koma zisalowe m'malo mwa chipatala, pakuti kuvutika maganizo ndi matenda ochizika. Thandizo limayambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, cha Mua kapena cha boma la Dedza, ndipo ofunika chisamaliro chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Lilongwe. Nambala ya 116 ndi yaulere, yothandiza ana ndi owasamalira.

Funso lomaliza ndi la mphunzitsi wa ku Linthipe: munthu akapezeka atamwa kale mankhwala, achitidwe chiyani?

Yankho: Athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo, pa galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza, ngakhale akuoneka ngati ali bwino, chifukwa mankhwala ena amayamba kuonetsa mphamvu patapita maola. Asamusanzitse, asamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere. Zovala zimene zanyowa ndi mankhwala zivulidwe, khungu litsukidwe ndi madzi ndi sopo, ndipo ngati wakomoka agonekedwe chammbali. Botolo kapena paketi ya mankhwalawo itengedwe, kuti a chipatala adziwe chothetsera mphamvu yake. Akatuluka m'chipatala, miyezi yoyambirira ndi imene ngozi yobwereza imakhala yaikulu, choncho masiku obwerera kwa dokotala asaphonyedwe, ndipo kiyi wa bokosi lija akhalebe m'thumba mwa kholo.