Phunziro: Kodi Madzi a M'chilimwe Amachokera Kuti?

Amayi a Chigwirizano, mvula imaleka mu Epulo, koma mtsinje wa Chongwe umayendabe. Madziwo ndi mvula imene inalowa pansi m'dzinja, tsono imatuluka pang'onopang'ono pa akasupe. Mizu ya mitengo ndi masamba ogwa ndizo zimaichedwetsa kuti ilowe. Pamalo pomwe anthu atenthapo makala, mvula imangothamanga pamwamba nkukokolola nthaka.

Mtsinje wa Chalimbana, umene umathira m'Chongwe, umayambira m'nkhalango ya Lusaka East, nambala 27. Mtengo ukagwa kumeneko, ludzu limadzafika kuno. Mu chilala cha 2019 damu lathu linaphwa, ndipo amene anayenda ndi zigubu pamutu ndi ife amayi.

Tisanakumanenso, mukaone dimba lanu. Kodi pakati pa mizere ndi madzi patsala udzu ndi mitengo ingati?